Mabaji, mabatani ndi mamendulo akale a usilikali: mmene banja lingadziwire kumene zinachokera

M'nyumba zambiri za m'zigawo za Tete ndi Niassa muli kachitini kapena kathumba komwe munthu wamkulu wa pabanjapo anasungamo tizitsulo ta usilikali: batani la mkuwa, baji ya pachipewa, mendulo yomwe nsalu yake inatha kalekale, kapena chitsulo cha lamba. Tizitsulo tina timafukulidwa ndi khasu m'minda yomwe kale munali misasa ya asilikali. Eni ake ambiri anamwalira osanena kalikonse, ndipo ana ndi zidzukulu amangoti "ndi za nkhondo", osadziwa kuti ndi nkhondo iti.

Funsoli ndi lovuta chifukwa dera lino laona magulu ankhondo ambiri m'zaka zosakwana 100. Munadutsa asilikali a Apwitikizi, Ajeremani, Angerezi, a Rhodesia, a FRELIMO, a Renamo, a Zimbabwe, a Malawi ndiponso a bungwe la United Nations. Aliyense anasiya zake. Komabe kachitsulo kalikonse kali ndi zinthu zinayi zomwe zimaulula kwawo: chizindikiro cha dziko, chilankhulo cha mawu olembedwapo, manambala, ndi kapangidwe ka kumbuyo kwake. Woyang'ana zinayizi mwadongosolo angathe kudziwa gulu lankhondo ndi zaka zake, ndipo nthawi zina ngakhale dzina la mwini wake.

Choyamba ndi chizindikiro cha dziko

Chizindikiro cha Portugal sichisowa. Pakati pake pali tizishango tisanu toikidwa ngati mtanda, kalikonse kali ndi timadontho tisanu, ndipo m'mbali mwake muli tinsanja tisanu ndi tiwiri. Chofunika kuona ndi chomwe chili pamwamba kapena kumbuyo kwa chishangocho. Ngati pamwamba pali chisoti chachifumu, chinthucho ndi cha nthawi ya mafumu a ku Portugal, ufumu womwe unagwa pa 5 Outubro 1910. Ngati chishangocho chakhala pa mpira wa mikombero yopingasana, wotchedwa esfera armilar, ndiye kuti ndi cha pambuyo pa 1910. Zambiri zopezeka kuno ndi za mtundu wachiwiriwu, ndipo zinagwira ntchito mpaka 1975.

Zinthu za Angerezi zimadziwika ndi chisoti chachifumu, ndipo chisoticho chimatchula zaka. Kuyambira 1902 mpaka 1952 ankagwiritsa ntchito chisoti chozungulira pamwamba ngati mtanda wa nsima. Mfumukazi Elizabeth II italowa ufumu, kuyambira 1953 anayamba kuika chisoti chomwe pakati pake mpolowa pansi, mapewa ake awiri ali otukuka. Choncho mabaji awiri a gulu limodzi angathe kusiyana zaka 40 chifukwa cha chisoti chokha.

Chizindikiro cha Moçambique wodzilamulira chili ndi gudumu la mano, mfuti ndi khasu zopingasa pamwamba pa buku lotsegula, dzuwa lotuluka, chimanga, nzimbe ndi nyenyezi yofiira. Apa chothandiza ndi dzina la dziko. Mawu akuti República Popular de Moçambique amasonyeza zaka za pakati pa 1975 ndi 1990. Pamene palibe liwu lakuti Popular, chinthucho ndi cha pambuyo pa malamulo aakulu a dziko a 1990.

Za nkhondo ya Ajeremani

Zinthu zakale kwambiri zomwe zingapezeke kumpoto kwa dziko lino ndi za nkhondo yoyamba ya padziko lonse, yomwe akuluakulu a m'mbali mwa nyanja ankaitcha nkhondo ya Chiwaya potengera mfuti yolira mosalekeza. Pa 25 Novembro 1917 mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anaoloka mtsinje wa Rovuma nagonjetsa Apwitikizi pa Negomano. Kwa miyezi pafupifupi khumi gulu lake linayendayenda m'madera omwe lero ndi Cabo Delgado, Niassa, Nampula ndi Zambézia. Linamenya nkhondo ku Namacurra mu Julho 1918 ndi ku Lioma kumapeto kwa Agosto chaka chomwecho, asilikali a Angerezi ochokera ku Nyasaland ali pambuyo pake.

Mabatani a gulu la Ajeremanili ali ndi chisoti cha ufumu wa Germany, ndipo asilikali ake achikuda ankavala chiombankhanga chachitsulo pachipewa. Pa zitsulo za malamba a Ajeremani a nthawiyo pamapezeka mawu akuti GOTT MIT UNS, kutanthauza kuti Mulungu ali nafe. Zinthu zoterezi ndi zosowa, ndipo zimayembekezereka kupezeka ku Niassa kusiyana ndi ku Tete, chifukwa Ajeremani sanafike kuno ku Zambezi. Komabe nkhondoyo inakhudza Tete mwa njira ina: kugwira anthu mokakamiza kuti akhale amtengatenga ndi chimodzi mwa zomwe zinautsa nkhondo ya Báruè ya 1917.

Lipenga la Keyala

Baji yomwe imapezeka kawirikawiri m'mabanja a m'malire, monga ku Angónia, Tsangano, Mandimba ndi Mecanhelas, ndi ya lipenga lopindika lolendewera pa zingwe, pamwamba pake pali chisoti chachifumu. Ngati pali zilembo KAR kapena mawu akuti King's African Rifles, imeneyo ndi ya gulu lomwe anthu ankalitchula kuti Keyala. Gululi linakhazikitsidwa pa 1 Janeiro 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba anali a ku Nyasaland, likulu lawo lili ku Zomba. Malire sankaletsa kulembedwa usilikali. Amuna ambiri obadwira mbali ya Moçambique, makamaka Alomwe ndi Ayao omwe anasamukira ku Nyasaland pothawa chibalo ndi msonkho, analowa Keyala.

Pa zithunzi zakale, asilikali a mabataliyoni a Nyasaland amaoneka ndi chipewa chachitali chakuda, pamene anzawo a ku Kenya ndi Uganda ankavala chofiira. Mabataliyoni ena ankalemba nambala yawo m'Chiarabu, monga yachitatu ya ku Kenya ndi yachinayi ya ku Uganda. Kachitsulo kooneka ngati chilembo chachilendo kangathe kukhala nambala yotere. Malawi atalandira ufulu pa 6 Julho 1964, bataliyoni yoyamba ya Keyala inasanduka Malawi Rifles.

Mamendulo a Angerezi amauza zambiri kuposa mabaji. A nkhondo yoyamba ali ndi dzina la mwini wake. Munthu akayang'ana m'mphepete mwa mendulo yasiliva yokhala ndi nkhope ya Mfumu George V, kumbuyo kwake kuli munthu wokwera pa kavalo ndi zaka 1914 ndi 1918, amapeza nambala, udindo, dzina ndi gulu la msilikaliyo zitasindikizidwa ndi tizilembo ting'onoting'ono. Mnzake wa mendulo imeneyi ndi yamkuwa yokhala ndi chithunzi cha mkazi wamapiko, nsalu yake ya mitundu ya utawaleza, nayonso ili ndi dzina m'mphepete.

A nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, ambiri anaperekedwa opanda dzina. Koma amatchula malo. Nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi yolembedwa THE AFRICA STAR ikagwidwa m'banja la msilikali wa Keyala, nthawi zambiri imaloza ku nkhondo yolimbana ndi Italy ku Somaliland ndi Ethiopia mu 1940 ndi 1941. Yolembedwa THE BURMA STAR ndi ya omwe anakamenyana ndi Japan ku Burma. Ambiri mwa amenewa anali m'gulu lalikulu la 11th East African Division, lomwe chizindikiro chake cha pamkono chinali mutu wa chipembere. Mendulo yokhala ndi kachitsulo kolembedwa MALAYA ndi ya m'zaka za m'ma 1950, pamene mabataliyoni a Nyasaland anatumizidwa kumeneko, ndipo imeneyi imakhala ndi dzina m'mphepete. Nambala yoyamba ndi zilembo DN imasonyeza msilikali wolembedwa ku Nyasaland.

Kumalire a Zambia, monga ku Zumbo, Marávia ndi Chifunde, kungapezeke baji ya mbalame ya miyendo yaitali yokhala ndi nthenga zonga chisoti pamutu. Imeneyo ndi ya Northern Rhodesia Regiment, yomwe inasanduka Zambia Regiment mu 1964.

Lipenga lina, la Apwitikizi

Apa mpamene ambiri amasokonezeka, chifukwa Apwitikizi nawonso anali ndi lipenga. Asilikali awo oyenda pansi m'nkhondo ya 1964 mpaka 1974 ankatchedwa Caçadores, ndipo chizindikiro chawo chinali lipenga la alenje lozungulira. Kusiyana kwake nkwakuti la Apwitikizi la m'zaka zimenezi lilibe chisoti chachifumu, ndipo mawu ake ndi a Chipwitikizi.

Nthambi iliyonse ya gulu lankhondo la Portugal inali ndi chizindikiro chake. Mfuti ziwiri zopingasa ndi za asilikali oyenda pansi. Mizinga iwiri yopingasa ndi ya owombera mizinga. Malupanga awiri ndi a Cavalaria, nsanja ndi ya omanga milatho ndi misewu, pamene nangula ndi wa asilikali a pamadzi. Nyota za pamapewa zimatchula udindo: kamzere kamodzi kagolide ndi ka alferes, iwiri ndi ya tenente, itatu ndi ya capitão. Mizere yopindika ngati chilembo V ndi ya ma cabo, ma furriel ndi ma sargento.

Zokongola kwambiri ndi tizishango topakidwa utoto wonyezimira, tomwe bataliyoni kapena kampani iliyonse inkadzipangitsira. Pamakhala chidule cha dzina, nambala, kawirikawiri mwambi wa gululo, ndipo nthawi zina malo ndi zaka. BCAÇ ndi Batalhão de Caçadores, CCAÇ ndi Companhia de Caçadores, BART ndi CART ndi za Artilharia, BCAV ndi CCAV ndi za Cavalaria. Nambala yaikulu, ya manambala atatu kapena anayi, imasonyeza gulu lomwe linachokera ku Portugal kudzakhala kuno zaka pafupifupi ziwiri kenako nkubwerera. Nambala yaing'ono, monga ya BCAÇ 17 ya mumzinda wa Tete, imasonyeza gulu lokhazikika, momwe munali ana ambiri a dziko lino. Zilembo RMM zimaimira Região Militar de Moçambique, ndipo ZOT ndi Zona Operacional de Tete, dera lankhondo lomwe linakula pambuyo poti FRELIMO yatsegulanso nkhondo ku Tete mu Março 1968 ndiponso ntchito ya damu la Cahora Bassa yayamba mu 1969.

Maina a malo olembedwa pa tizishangoti ndi akale, ndipo achinyamata sangawazindikire. Vila Coutinho ndi Ulónguè, Vila Cabral ndi Lichinga, Nova Freixo ndi Cuamba, Vila Pery ndi Chimoio, Porto Amélia ndi Pemba, pamene Lourenço Marques ndi Maputo.

Mtundu wa boina umathandizanso, makamaka pa zithunzi. Yabulawuni inali ya asilikali wamba, ndipo yakuda inali ya Cavalaria. Yobiriwira inali ya odumpha m'ndege, omwe mabataliyoni awo anali BCP 31 ku Beira ndi BCP 32 ku Nacala. Yabuluu wakuda inali ya Fuzileiros, omwe anali ndi malo awo ku Metangula m'mbali mwa nyanja ya Niassa. Yachikasu inali ya Grupos Especiais, GE mwachidule, omwe anayamba mu 1970 ndipo pafupifupi onse anali anthu akuda, pamene yofiira inali ya anzawo odumpha m'ndege, a GEP. Magulu awiriwa ankaphunzitsidwa ku Dondo pafupi ndi Beira. Ma Comandos ankaphunzitsidwa ku Montepuez, ndipo baji yawo ya pachifuwa ili ndi mpeni ndi liwu lakuti COMANDOS.

Mendulo yofala ya Apwitikizi ndi Medalha Comemorativa das Campanhas, ya nsalu yobiriwira ya m'mbali mofiira, yokhala ndi kachitsulo kolembedwa Moçambique ndi zaka zomwe munthuyo anatumikira. Yosowa ndi Cruz de Guerra, mtanda wopatsidwa chifukwa cha zochita pankhondo, wa nsalu yofiira ya mizere isanu yabuluu. Chothandiza kwambiri ndi kachitsulo ka m'khosi, komwe kamakhala ndi nambala ya msilikali ndi gulu la magazi ake. Nambala imeneyi ndi yomwe ili mu caderneta militar, kabuku komwe msilikali aliyense ankapatsidwa.

Chifukwa chomwe zambiri zinabisidwa

Pofika kumapeto kwa nkhondo, oposa theka la asilikali a Portugal mu Moçambique anali olembedwa m'dziko momwemuno. Ambiri analowa chifukwa usilikali unali wokakamiza, ena chifukwa cha malipiro, ena anagwidwa m'midzi ya aldeamento. Ufulu utabwera pa 25 Junho 1975, omwe anali m'magulu monga Comandos, GE, GEP ndi Flechas anaikidwa m'gulu la otchedwa comprometidos. Zithunzi zawo zinapachikidwa m'malo a ntchito, ndipo mu 1982 Pulezidenti Samora Machel anakumana nawo pamsonkhano waukulu ku Maputo. Nkosadabwitsa kuti mabaji ambiri anaponyedwa m'zimbudzi, m'mitsinje, kapena kukwiriridwa pansi pa nkhokwe.

Ku Tete nkhaniyi ili ndi bala lake. Pa 16 Dezembro 1972 asilikali a kampani yachisanu ndi chimodzi ya Comandos, pamodzi ndi apolisi achinsinsi a DGS, anapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo. Dziko lapansi linamva za chiwembuchi mu Julho 1973 kudzera mwa wansembe Adrian Hastings, ndipo mu Setembro 2022 nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, inapepesa ku Maputo. Motero baji imodzimodziyo ingakhale chikumbutso cha bambo kwa banja lina, pamene kwa banja loyandikana nalo ndi chikumbutso cha maliro.

Nchifukwa chake kachitsulo kayenera kuwerengedwa mosamala. Baji imatchula gulu. Siitchula zomwe munthu anachita, ndipo siitsimikiza nkomwe kuti yemwe anaisunga ndiye ankaivala. Asilikali ankasinthanitsa mabaji, ankapatsa ophika ndi ochapa zovala pamsasa, ankasiyira ana ndi zibwenzi. Omenyera ufulu ankatenga malamba ndi zipewa za adani. Kuweruza malemu chifukwa cha batani lopezeka m'sutikesi ndi kuweruza mlandu wopanda mboni.

Za omenyera ufulu ndi za pambuyo pake

Omenyera ufulu a FRELIMO, omwe anayamba nkhondo pa 25 Setembro 1964, analibe mabaji ambiri. Zovala ndi zida zawo zinkachokera ku maiko osiyanasiyana monga Soviet Union ndi China, choncho chitsulo cha lamba chokhala ndi nyenyezi, hamala ndi chikwakwa chingapezeke m'banja la womenyera ufulu kapena la msilikali wa m'zaka za m'ma 1980. Mfundo yothandiza ndi yakuti gulu la FPLM linakhala lopanda nyota za maudindo mpaka 1980, chaka chomwe maudindo anakhazikitsidwa ndipo Samora Machel anakhala Marechal. Nyota iliyonse ya gulu lankhondo la Moçambique ndi ya 1980 kapena pambuyo pake, ngakhale mwini wake atakhala kuti anamenya nkhondo kuyambira kale. Zilembo FADM ndi za kuyambira 1994, pamene gulu latsopano linapangidwa kuchokera kwa asilikali a boma ndi a Renamo potsatira pangano la mtendere la ku Roma la pa 4 Outubro 1992. Mamendulo monga a Veterano da Luta de Libertação, Nachingwea ndi Bagamoyo amaperekedwa ndi boma pamodzi ndi chikalata, ndipo chikalatacho nchofunika kuposa chitsulocho.

A Rhodesia nawo anasiya zawo ku Tete, chifukwa ankalowa kudzasaka omenyera ufulu wa Zimbabwe. Mu Novembro 1977 anaukira misasa ya Chimoio ndi Tembué. Baji ya chishango cha Amandebele chokhala ndi mikondo yopingasa ndi chibonga ndi ya Rhodesian African Rifles, gulu la asilikali akuda lomwe linayamba mu 1940. Baji ya mbalame yodya nsomba, yonga nkhwazi, itatambasula mapiko, yokhala ndi mawu a Chishona akuti Pamwe Chete, ndi ya Selous Scouts, omwe anapha anthu ambiri pamsasa wa Nyadzonia pa 9 Agosto 1976 atavala ngati asilikali a FPLM. Pa mabaji a Rhodesia, chisoti chachifumu chinachotsedwa dzikolo litadzitcha ripabuliki mu 1970.

M'nkhondo ya zaka 16 munabwera alendo ena. Asilikali a Zimbabwe, omwe zizindikiro zawo zili ndi mbalame yamwala ya Great Zimbabwe, ankalondera njira ya Beira ndi kuperekeza magalimoto pamsewu wa Cuchamano mpaka Zóbuè. A Malawi ankalondera njanji ya Nacala kuyambira 1987. Kenako, kuyambira kumapeto kwa 1992 mpaka 1994, kunali ONUMOZ ya boina zabuluu woyera. Njira ya Tete inapatsidwa kwa bataliyoni ya ku Botswana, ya Beira kwa a ku Italy, ya Nacala kwa a ku Bangladesh. Baji yokhala ndi mapu a dziko lapansi pakati pa nthambi ziwiri za azitona ndi ya nthawi imeneyi.

Kumbuyo kumaulula zambiri

Osonkhanitsa mabaji amayamba ndi kutembenuza. Kumbuyo kwa mabatani ndi mabaji ena kumakhala dzina la wopanga ndi mzinda wake. Maina monga Gaunt ndi Firmin ndi a ku England. Liwu lakuti Salisbury limasonyeza kuti chinthucho chinapangidwa mzindawo usanatchedwe Harare mu 1982. Lisboa kapena Porto ndi za ku Portugal. Kulemera nakonso kumathandiza: mabaji a Angerezi a mkuwa weniweni ndi akale, pamene opepuka kwambiri, onyezimira osachita kupukuta, ndi a aluminiyamu omwe anayamba m'zaka za m'ma 1950.

Zachinyengo ziliko, makamaka za magulu otchuka monga Selous Scouts ndi Comandos, zomwe zimapangidwa lero kuti zigulitsidwe pa intaneti. Zimadziwika ndi zilembo zosaoneka bwino, timiyendo ta kumbuyo tomatidwa mwachisawawa, ndi dzimbiri lofanana paliponse ngati lochita kupaka. Komabe baji yokhakhala siikhala yabodza nthawi zonse. M'nkhondo yachiwiri mabaji ambiri a magulu a kum'mawa kwa Africa anasungunulidwa komweko m'zikombole za mchenga, ndipo amaoneka osasalala.

Pali zinanso zomwe si za nkhondo ya kuno ayi. Zovala za calamidade zabweretsa majekete a asilikali a ku Ulaya ndi America okhala ndi mabatani awo, ndipo mabanja omwe anathawira ku Malawi m'zaka za m'ma 1980 anabwera ndi zovala zamitundumitundu. M'mbali mwa nyanja, ovina mganda amavala motsanzira asilikali, ndipo nyota zawo zina ndi zopanga okha. Ndiponso asipayi a ku administração, omwe ankavala chipewa chofiira cha cofió ndi mabatani a chizindikiro cha Portugal, anali apolisi a mzungu wa boma, osati asilikali.

Zoyenera kuchita ndi zoyenera kupewa

Chenjezo loyamba ndi la moyo. Pamene papezeka mabatani m'munda pangathenso kukhala zipolopolo, mabomba a m'manja ndi mitu ya mizinga. Moçambique analengezedwa mu Setembro 2015 kuti wamaliza kuchotsa mabomba okwirira m'malo onse odziwika, koma zophulika zotayika zimapezekabe. Chitsulo chilichonse chooneka ngati chitini chotseka, chinanazi kapena botolo la mapiko sichiyenera kugwidwa, kumenyedwa, kuotchedwa kapena kugulitsidwa kwa ogula zitsulo. Choyenera ndi kuika chizindikiro pamalopo, kuchotsa ana, ndi kudziwitsa mfumu ndi apolisi.

Chachiwiri, mabaji ndi osunga, osati ovala. Malamulo salola munthu wamba kuvala yunifomu kapena nyota za usilikali, ndipo chiyambire zauchifwamba ku Cabo Delgado mu Outubro 2017, wachinyamata woyenda ndi zoterezi angadziputire mavuto pa malo ofufuzira a pamsewu.

Chachitatu ndi kasamalidwe. Mchenga, phulusa, ndimu ndi palha de aço zimafuta zilembo zomwe zikanatchula dzina. Kansalu kouma ndi kamswachi kofewa nzokwanira. Nsalu ya mendulo, ngakhale yothaitha, isatayidwe, chifukwa mitundu yake ndi yomwe imatchula nkhondo. Mamendulo a munthu mmodzi asagawidwe kwa ana pa nthawi ya chuma cha masiye, popeza akabalalika nkhani yake imaduka. Ndi bwino kujambula chilichonse ndi foni kutsogolo, kumbuyo ndi m'mphepete, ndalama yachitsulo ili pambali kuti ionetse kukula kwake.

Ogula zakale amayenda m'midzi ndi m'misika, ndipo amapereka ndalama yochepa kwa yemwe sadziwa chomwe wagwira. Lamulo nambala 10/88 limateteza chuma cha mbiri ndi chikhalidwe cha dziko, ndipo zinthu zotere siziyenera kutulutsidwa kunja popanda chilolezo. Banja lofuna thandizo lingayambe ndi ofesi ya zachikhalidwe ya m'boma lawo kapena nthambi ya ARPAC ya m'chigawo. Nkhani za omenyera ufulu zimayendetsedwa ndi maofesi a Combatentes. Zolembedwa zakale zili ku Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo, mafayilo a omwe anatumikira Portugal ali ku Arquivo Geral do Exército ku Lisboa, pamene za Nyasaland zili ku National Archives of Malawi ku Zomba. Maina a asilikali a Keyala omwe anafera ku nkhondo ziwiri zija angafufuzidwe kwaulere pa tsamba la Commonwealth War Graves Commission, bungwe lomwe limasamaliranso manda a ku Lumbo ndi ku Pemba. Konseku chomwe amafunsa poyamba ndi nambala ya msilikali ndi dzina monga linalembedwera nthawi imeneyo, lomwe kawirikawiri limasiyana ndi lomwe banja likulidziwa.

Koma gwero lalikulu likadali pakhonde. Mnyamata yemwe anali ndi zaka 20 mu 1970 lero wapitirira zaka 70, ndipo amayi omwe anaona amuna awo akubwera kuchokera ku Burma atsala owerengeka. Mdzukulu wokhala ndi kope ndi cholembera angathe kufunsa agogo mafunso anayi okha: chinthuchi chinali cha yani, anachipeza bwanji, anali kuti, ndipo chinali chaka chanji. Mayankhowo akalembedwa papepala nkuikidwa m'kachitini momwemo, pamodzi ndi tsiku ndi dzina la wonena, obadwa mawa sadzayambanso ndi kungoganizira.